Jimmy Smith ndi Limba la Hammond: Zimbale Ziti Zoyenera Kusunga?

Anzanga acinyamata, padziko pano pali anthu amene amathera ndalama ndi nthawi yao kufunafuna mbale zakale za galamafoni. Ena a iwo amasonkhanitsa za woimba mmodzi yekha, ndipo mtima sukhala pansi kufikira atapeza cimbale ciliconse cimene woimbayo anajambula. Mmodzi wa oimba amene amasautsa anthu otere ndi Jimmy Smith, katswiri wa ku America woliza limba la magetsi, amene anamwalira mu 2005. Amawasautsa cifukwa anajambula zambiri zedi. Pakati pa 1956 ndi 1963 anajambula zimbale zoposa 20 ku kampani imodzi yokha ya Blue Note, ndipo pambuyo pake anapitiriza nchitoyo kwa zaka zina 40.

Masiku ano kupeza nyimbo sikubvuta. Amene ali ndi foni ndi intaneti angathe kudzaza foni yake ndi nyimbo za Smith madzulo amodzi. Koma kukhala ndi nyimbo ndi cinthu cina, ndipo kuzimva ndi cinthu cinanso. Ganizo langa ndi ili: zimbale zabwino koposa za Smith ndi zija anajambula ndi anzake atatu kapena asanu okha, akuliza modekha ndi kumvetserana. Munthu amene wadziwa bwino zimbale zinai kapena zisanu zotere wamudziwa Jimmy Smith kuposa uja ali nazo zonse m'kabati koma sanamvetsereko cimodzi mpaka kumapeto.

Limba limene anapangira machalichi

Limba la Hammond linayamba kugulitsidwa mu 1935. Analipanga ndi Laurens Hammond, amene poyamba anali kupanga mawochi a magetsi. Analitsatsa makamaka kwa mipingo imene sikanatha kugula limba lalikulu la mipope. M'kati mwake mulibe mipope iai. Muli timagudumu tacitsulo 91 tozungulira pafupi ndi maginito, ndipo kagudumu kalikonse kamabala liu lakelake. Pamwamba pa makiyi pali timitengo tokoka, tisanu ndi tinai pagulu lililonse, ndipo woliza amasakaniza nato mau monga mmene amai amasakanizira mcere, matimati ndi anyezi m'ndiwo. Mtundu umene Smith anauchukitsa umachedwa B-3. Uli ndi mizere iwiri ya makiyi, uliwonse wa makiyi 61, ndiponso zopondapo 25 za mapazi. Pamodzi ndi mpando ndi zopondapozo limalemera pafupifupi makilogalamu 190. Kawirikawiri amalilumikiza ku sipika yochedwa Leslie, imene m'kati mwake muli zigawo zozungulira, ndipo kuzungulirako ndiko kumacititsa liu kunjenjemera ngati la munthu woimba.

M'machalichi a anthu akuda a ku America limbali linafika ngati kwao. Mlaliki akakweza mau, limba limamuyankha. Kwaya ikagwira liu lalitali, limba limagwira nayo limodzi, pakuti mosiyana ndi piyano, liu lake silizirala malinga ngati cala cikali pa kiyi. Oimba jazz ambiri anakulira m'machalichi amenewa, ndipo ca m'ma 1950 anayamba kubweretsa kaimbidwe ka kumeneko m'nyimbo zao: wina kuyambitsa ena ndi kubvomera, kuomba m'manja, ndi kamalizidwe kaja kamene kamamveka ngati mpingo ukuti amen. Horace Silver anajambula "The Preacher" mu 1955, ndipo Bobby Timmons, amene anakula akuliza m'chalichi, anapeka "Moanin'" imene gulu la Art Blakey linajambula mu 1958. Jazz yotere, yosakaniza blues ndi kaimbidwe ka m'chalichi, ndiyo inachedwa soul jazz.

Cimene Smith anasintha

Smith anabadwira ku Norristown, pafupi ndi mzinda wa Philadelphia, ndipo anayamba ndi piyano. Atamva Wild Bill Davis akuliza Hammond, anagula lake, naliika m'nyumba yosungiramo katundu, nakhala pafupifupi caka akudziphunzitsa yekha tsiku ndi tsiku. Davis ndi ena amene anamutsogolera anali kuliza limba ndi manja odzaza, kutsanzira gulu lalikulu la malipenga. Smith anatenga njira ina, ndipo anagawa thupi lake nchito zitatu. Dzanja lamanja linali kuthamanga ndi liu limodzi limodzi monga sakisofoni ya Charlie Parker. Dzanja lamanzere linali kuyendetsa besi, cotero kuti gulu lake silinafune woliza besi. Phazi linali kugogoda zopondapo mwacidule kuti liu lililonse la besi liyambe ndi mphamvu. Pa timitengo tija anakonda kukoka titatu toyamba tokha, ndipo liu lonenepa koma loyera limene linatuluka ndilo oliza limba la jazz akali kulitsanzira kufikira lero.

Kuciyambi kwa 1956 eni ake a Blue Note, Alfred Lion ndi Francis Wolff, anamumva ku New York ndipo anamulemba nchito mosataya nthawi. Cimbale cake coyamba anacicha A New Sound, A New Star, kutanthauza liu latsopano ndi katswiri watsopano. Paciwiri pali "The Champ", nyimbo ya Dizzy Gillespie, imene inadabwitsa anthu cifukwa ca liwiro lake.

Zimbale zoyambazi ndi zofunika m'mbiri, koma sindilangiza munthu kuyambira pamenepo. Smith wa 1956 ali ngati mnyamata amene wangogula njinga yatsopano ndipo afuna mudzi wonse uone kuti amatha kupalasa osagwira. Mpata uliwonse amaudzaza. Mphindi zitatu zoyamba umatsegula kukamwa, koma zikafika khumi makutu amatopa, ndipo woliza gitala amakhala ngati mlendo wosapatsidwa mpando. Luso lilipo lonse, koma ciweruzo ca pamene ayenera kukhala cete cinali cisanakhwime.

Ulaliki wa mphindi 20

Cimbale coyamba cimene ndinganene kuti musaciphonye ndi The Sermon!, cimene cinatuluka mu 1959. Nyimbo yopatsa cimbale dzina, kutanthauza ulaliki, inajambulidwa pa 25 Febuluwale 1958 ndipo imatenga mphindi 20, mbali yonse ya mbale. Ndi blues wamba. Kwa amene simunaizolowere, blues imayenda mozungulira: zigawo 12 za kugunda kunai kunai, pa makodi atatu omwe aja oliza kiyibodi amagwiritsa nchito m'makolasi ambiri, ndipo zigawozo zikatha imayambiranso. Cotero palibe cobisika. Woimba alibe kothawira, ndipo ngati alibe conena aliyense amamva.

Smith ndiye amayamba, kenaka amapatsa mpata Kenny Burrell pa gitala, Tina Brooks pa sakisofoni yaikulu, Lee Morgan pa lipenga, ndi Lou Donaldson pa sakisofoni yaing'ono. Morgan anali ndi zaka 19 zokha. Art Blakey pa ng'oma sasintha mayendedwe kuyambira poyamba mpaka potsiriza. Cimene ndikupemphani ndi ici: mukamvetsera kaciwiri, musatsatire amene ali patsogolo. Cherani khutu kwa Smith pamene ena akulankhula. Dzanja lake lamanzere silipuma kwa mphindi 20, ndipo lamanja limangoponya liu apa ndi apo, monga munthu wa mumpingo amene amati "inde" panthawi yake kuti mlaliki alimbe mtima. Mwini cimbale amathera nthawi yambiri akutumikira alendo ake, ndipo m'menemo ndi mmene muli ukulu wa nyimboyi.

Tsiku limodzi, zimbale ziwiri

Pa 25 Epulo 1960 anthu anai analowa m'nyumba yojambuliramo nyimbo ya Rudy Van Gelder ku Englewood Cliffs, m'cigawo ca New Jersey. Anali Smith, Burrell, Donald Bailey woliza ng'oma, ndi Stanley Turrentine wa sakisofoni, amene panthawiyo anali asanachuke kwenikweni. Zimene anajambula tsiku limenelo zinakwana zimbale ziwiri. Midnight Special cinatuluka mu 1961, ndipo Back at the Chicken Shack cinatuluka mu 1963. Mukakhala ndi ndalama ya zimbale ziwiri zokha, gulani zimenezi.

Apa palibe wothamanga. Nyimbo ya "Back at the Chicken Shack" ndi yosabvuta kotero kuti mungaiimbe ndi mluzu mutangoimva kamodzi, ndipo imayenda ngati munthu wobwerera kumudzi madzulo nchito atamaliza. Liu la Turrentine ndi lalikulu ndi lofunda, ndipo limakhala pamwamba pa limba monga nsima ikhalira bwino ndi ndiwo zamsuzi. Pa "Why Was I Born?", ya pa Midnight Special, Smith amamusiyira bwalo lonse, iye n'kumangoyala makodi pansi pake mofatsa. Bailey saonetsa mphamvu, koma yesani kugwedeza phazi motsutsana naye muone ngati mungathe. Liwiro la 1956 likalipo m'zala za Smith, ndipo nthawi zina limatulukira mwadzidzidzi ngati mphezi, koma tsopano limabwera pamene nyimbo yalifuna, n'kubwereranso. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zimbale ziwirizi zimafuna womvetsera wodekha monga mmene oimba ake analili.

Ena amati nyimbo zimenezi n'zopepuka, zongobvinira, ndipo sizingafanane ndi jazz yozama ya John Coltrane kapena Miles Davis. Zoona, Smith sanali kufufuza njira zatsopano caka ndi caka monga iwo. Anapeza munda wake naulima moyo wake wonse. Koma kuliza cinthu capafupi mwa njira yoti munthu acimve kakhumi osatopa ndi luso losowa, ndipo amene anayesapo kutsogolera kolasi ya mizere iwiri kwa mphindi khumi osaipha adziwa zimene ndikunena.

Zaka za ku Verve

Mu 1962 Smith anayamba kujambula ku kampani yaikulu ya Verve, kumene anamuika patsogolo pa gulu lalikulu la malipenga. Cimbale ca Bashin', cokonzedwa ndi Oliver Nelson, cinabala "Walk on the Wild Side", nyimbo ya m'filimu imene inafika pa nambala 21 pa mndandanda wa Billboard wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku America. Kwa woliza jazz cimeneco cinali cinthu cacikulu. Nyimboyo inakonzedwa mwanzeru: malipenga amamanga pang'onopang'ono, limba limacedwa kulowa, ndipo likalowa limakhala ngati madzi otsegulidwa padamu. The Cat ca mu 1964, cokonzedwa ndi Lalo Schifrin, cilinso ndi moto wake.

Komabe zimbale zambiri za nyengo imeneyi zimandisiya ndi njala. Zonse za malipenga zinalembedwa kale papepala, cotero sangamuyankhe Smith pa zimene wangoganiza pomwepo. Iye amafuula, iwo amafuula, ndipo kukambirana kuja kwa pa The Sermon! kumasowa. Pa zimbale zina anayamba kuimbanso ndi pakamwa, ndi mau okhakhala amene amaseketsa kamodzi koma sapirira kubwerezedwa. Pa za ku Verve ndingasankhe ziwiri. Organ Grinder Swing ca mu 1965 cimamubwezera ku gulu la anthu atatu, iye ndi Burrell ndi Grady Tate. Jimmy & Wes: The Dynamic Duo ca mu 1966 cimamukumanitsa ndi Wes Montgomery, woliza gitala wofatsa amene sanali kuopa liwiro la Smith ndipo sanayese kupikisana nalo. Ngakhale pali malipenga pa nyimbo zina, awiriwa amamvana ngati pacibale.

Amene mumakonda nyimbo zogunda mwamphamvu funani Root Down, cojambulidwa pamaso pa anthu ku Los Angeles mu 1972. Pamenepo pali woliza besi ya magetsi, Wilton Felder, ndipo kagundidwe ndi ka funk. Gulu la rap la Beastie Boys linatengako cidutswa mu 1994, ndipo acinyamata ambiri a nthawi imeneyo anamudziwira pamenepo Smith. Ndi cimbale cabwino, koma cimaonetsa mbali imodzi yokha ya munthuyo.

Kodi ndi nyimbo zacipembedzo?

Popeza maina ena ndi onga The Sermon! ndi Prayer Meetin', kutanthauza msonkhano wa mapemphero, wina angaganize kuti izi ndi nyimbo za Mulungu. Tinene zoona: si nyimbo zopembedzera. Zilibe mau, ndipo Smith anali kuziliza m'makalabu a usiku. M'zaka za m'ma 1970 iye ndi mkazi wake anali ndi kalabu yaoyao ku Los Angeles. Cimene anatenga ku chalichi ndi kalankhulidwe: kuyamba pansi, kubwereza mfundo, kukwera pang'onopang'ono, kudikira yankho. Aliyense aweruze yekha malo ndi nthawi yoyenera kuzimvetsera. Koma woliza kiyibodi wa kwaya amene amakwirira oimba ndi phokoso, nadzaza mpata uliwonse ndi zala zothamanga, angaphunzire zambiri kwa munthu uyu, amene anali ndi liwiro loposa onse koma anadziwa kuliika m'thumba pamene mnzake akuimba.

Malangizo kwa wosonkhanitsa

Coyamba, yang'anani tsiku lojambula, osati caka cotulukira cokha. Blue Note inali kusunga matepi kwa zaka. Back at the Chicken Shack cinatuluka patapita zaka zitatu, Smith atayamba kale kumveka ku Verve. Tsiku ndi maina a oimba zimalembedwa kuseri kwa cikuto kapena m'kabuku ka CD, ndipo zimakuuzani zambiri. Mwacitsanzo, pakati pa 31 Januwale ndi 8 Febuluwale 1963, atatsala pang'ono kusiyana ndi Blue Note, Smith anajambula zimbale zinai: I'm Movin' On, Bucket!, Rockin' the Boat ndi Prayer Meetin'. Munthu sangakhale ndi zatsopano zonena kanai m'masiku asanu ndi anai. Mwa zinaizo tengani Prayer Meetin', cifukwa Turrentine alipo, ndipo zinazo zingadikire.

Caciwiri, dziwani cimene cimakweza mtengo. Osonkhanitsa amafunitsitsa mbale zosindikizidwa koyamba, Blue Note isanagulidwe ndi kampani ya Liberty pakati pa zaka za m'ma 1960. Amazizindikira ndi keyala ya ku New York yolembedwa pa kapepala ka pakati, ndiponso zilembo RVG kapena dzina la Van Gelder lodindidwa pa malo osalala pafupi ndi kapepalako. Amakondanso zikuto zake, zimene zambiri anazikonza ndi Reid Miles pogwiritsa nchito zithunzi za Francis Wolff. Pa Midnight Special Smith wagwira sutikesi atakwera pambali pa sitima, ndipo pa cinzake ali pakhola la nkhuku. Zonsezi n'zokondweretsa kudziwa. Koma nyimbo za pa mbale yoyamba ndi zomwezo za pa mbale yosindikizidwanso kapena pa CD, ndipo ma CD ena ali ndi nyimbo zoonjezera zimene sizinakwane pa mbale. Mbale yakale yokalikakalika ya cikuto cokongola ndi cikomekome ca mkuyu. Musalowe m'ngongole cifukwa ca keyala.

Cacitatu, ngati mwapeza mbale zenizeni, kaya m'katundu wa agogo kapena kwa ogulitsa zakale, zisamalireni. Ziimikeni ciriri monga mabuku, pakuti zikasanjikizana zimapindika. Zitalikitseni ku dzuwa ndi ku mbaula. Gwirani m'mphepete mokha. Singano yakutha imadya tinjira ta mbale, ndipo cimene yadya sicibwerera. Mukaona kambale kakang'ono kolembedwa Part 1 mbali ina ndi Part 2 mbali inayo, dziwani kuti ndi nyimbo yaitali imene anaidula pakati kuti ilowe m'makina oponyamo ndalama a m'malo odyera, ndipo nthawi zambiri inafupikitsidwa.

Cacinai, ndipo ici ndico cacikulu kwa ambiri a ife: musamvetsere Jimmy Smith pa sipika ya foni. Kasipika kameneko sikatha kutulutsa mau apansi, cotero dzanja lake lamanzere limasoweratu, ndipo mumamva theka la munthu. Bvalani zomvetsera za m'makutu kapena lumikizani ku sipika yaikulu. Kenaka mvetserani cimbale conse monga anacikonzera, kuyambira nyimbo yoyamba kufikira yotsiriza, osadumpha. Cimbale ca nthawi imeneyo cimatenga mphindi 40 kapena kuceperapo. Cibwerezeni katatu pa masiku osiyana: ulendo woyamba tsatirani amene ali patsogolo, waciwiri tsatirani besi yokha, wacitatu tsatirani ng'oma. Mukamvetsera pagulu, wina aliyense asankhe ciwiya cimodzi, ndipo pomaliza asimbe zimene wamva. Mudzadabwa kuti munali m'cipinda cimodzi koma munamva nyimbo zosiyana.

Poyambira

Mndandanda wanga ndi uwu: Back at the Chicken Shack, Midnight Special, The Sermon!, Organ Grinder Swing, ndi Jimmy & Wes: The Dynamic Duo. Zimenezi zikakhazikika m'makutu, bwererani ku "The Champ" kuti mumve kumene anacokera, ndipo pitani ku Root Down kuti mumve kumene anafika. Pambuyo pake khomo latseguka la ena amene anayenda m'njira yake: Jack McDuff, Jimmy McGriff, Shirley Scott amene anali mkazi wa Turrentine, ndi Joey DeFrancesco amene anajambula naye cimbale ca Legacy Smith atatsala pang'ono kumwalira pa 8 Febuluwale 2005. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Gulani kapena tsitsani cimbale cimodzi, khalani naco mwezi wathunthu, ndipo mukafika poti mungathe kung'ung'udza besi ya nyimbo yoyamba muli panjira, pamenepo funani caciwiri.